Chiswe cha m'nsanamira: zimene foni imabadwa nazo

Loweruka m'mawa ku Marabastad mu Pretoria munthu sayenda mowongoka. Uyu akukankha ngolo ya makabichi, uyo akuitanira minibasi ya ku Atteridgeville, winanso wayala nsapato za kaunjika pakhonde mpaka njira yatsala ya phazi limodzi. Ine ndi mlamu wanga tinkadzipanikiza m'chipwirikiti chimenechi kulowera cha ku siteshoni ya Belle Ombre, tikufunafuna kakauntala ka mnyamata wina wakwathu amene anthu amati foni ikakanika kwa iyeyo, basi kaitayeni.

Mlamu wangayu amagwira ntchito ya m'nyumba ku Centurion, ana ali ndi agogo awo ku Ntcheu. Foni ndiyo banki yake, ndiyo positi ofesi, ndiyonso bwalo limene amaweruzirapo milandu ya ana madzulo aliwonse pa WhatsApp. Anaigula yatsopano, ya m'bokosi, yotsika mtengo monga timagulira ambirife. Isanathe miyezi itatu inayamba zodabwitsa. Zotsatsa malonda zinkangotulukira pa sikirini ngakhale pakati pa usiku, mapulogalamu amene iye sanawaitane ankadzilowetsa okha, bandulo ya sabata n'kutha masiku awiri. Mwana wa abwana ake anaichita factory reset. Inakhazikika masiku atatu, alendo aja n'kubwereranso onse, ngati anangopita kokatunga madzi.

Mnyamatayo anamvetsera nkhani yonse akupukuta sikirini ndi kansanza. Atatha anati: "Mayi, inutu mwasesa m'chipinda. Chiswe chili m'nsanamira."

Mawu amenewa ndawasinkhasinkha kwa nthawi, ndipo sindinapeze ena ofotokoza bwino nkhaniyi kuposa iwowa.

Foni ya Android mkati mwake inagawidwa zipinda. Chipinda china, chimene amisiri amachitcha data, ndi chanu: zithunzi, mauthenga, manambala a abale, ndi pulogalamu iliyonse imene mwaitenga nokha pa Play Store. Koma pali chipinda china chotchedwa system, chimene chimabwera chokhoma kuchokera ku fakitale. Foni imawerenga zimene zili mmenemo koma inu simungalembemo kapena kufufutamo kanthu. Mmenemo ndimo mumakhala Android mwini wake, pamodzi ndi mapulogalamu amene foni inabadwa nawo: la kamera, la kiyibodi, loimbira, lotumizira mauthenga, ndi ena aja amene simunawafune koma mukawagwira ndi chala amangokupatsani batani la Disable osati la Uninstall. Aliyense amene anachitapo lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Mamelodi kapena ku Olievenhoutbosch akudziwa mmene zimakhalira. Bedi ndi lanu, mapoto ndi anu, mukhoza kutulutsa zonse n'kukolopa. Koma mawaya a magetsi a m'khoma ndi a landilodi, ndipo ngati anawalumikiza molakwika, kukolopa kwanu sikuwafika. Factory reset imakolopa chipinda cha data chokha.

M'chipinda chokhomacho muli tinthu tina timene ogula foni sationa n'komwe, koma ndi timene timasenza ntchito yolemetsa. Amisiri amatitcha ma native library. Mapulogalamu ambiri a Android amalembedwa m'zilankhulo za kompyuta za Java ndi Kotlin, zimene Android amachita kuzimasulira kuti tchipi cha foni chimve. Pa ntchito wamba zimenezi zilibe vuto. Koma kupanikiza mawu anu kuti adutse pa netiweki yofooka ya kumudzi, kusandutsa kuwala kolowa pa kamera kukhala chithunzi, kapena kuseweretsa vidiyo mosadodoma, zimafuna liwiro. Mbali zoterezi zimalembedwa m'chilankhulo cha C kapena C++ n'kusandutsidwiratu kukhala malangizo amene tchipi chimamva chokha popanda womasulira. Zimasungidwa m'mafayilo amene dzina lawo limathera ndi .so. Google anatulutsa zida zopangira zimenezi, zotchedwa NDK, mu 2009, patangopita miyezi yowerengeka foni yoyamba ya Android itatuluka mu 2008.

Chovuta chake n'chakuti chinthu cholankhula ndi tchipi mwachindunji chiyenera kulankhula chilankhulo cha tchipicho ndendende. Mukatsegula fayilo ya APK, imene kwenikweni ndi thumba la zip chabe, mumapezamo foda yotchedwa lib, ndipo mkati mwake muli timafoda ta mayina ngati armeabi-v7a ndi arm64-v8a. Koyambako n'ka mafoni a 32-bit, kachiwiriko ka a 64-bit. Ntchito ndi imodzi, koma kiyi wa chitseko china sikuti nthawi zonse amatsegula chinzake.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kumene kwakhala kukuwawitsa mitu opanga mafoni ndi okonza mafoni omwe. Pulogalamu imene mwatenga nokha ili ngati mmisiri wobwera kudzagwira ganyu atanyamula thumba la zida. Android amamulandira pakhomo, amamasula thumba lija, amasankha zida zogwirizana ndi tchipi, n'kuziyala pamalo pake m'chipinda cha data. Koma pulogalamu yobadwa nayo foni sidutsa pakhomo pamenepo. Ili kale m'nyumba, m'chipinda chokhoma, ndipo Android saimasulira thumba. Womanga nyumbayo ndiye ayenera kuyaliratu zida zake pamalo oyenera asanakhome chitseko. Kale mafayilo onsewa ankaunjikidwa pamodzi mu foda ya /system/lib. Kuyambira Android 5.0 wa mu 2014, pulogalamu iliyonse inayamba kukhala ndi foda yakeyake, zida zake zili pambali pake. Android 6.0 wa mu 2015 analola kuti zidazo ziziwerengedwa zili m'thumba momwemo, bola zikhale zosapanikizidwa ndiponso zoyalidwa mwa dongosolo lake. Wopanga foni akaphonya chimodzi mwa zimenezi, pulogalamu imadzuka, imatambasula dzanja kuti itenge chida, n'kupeza palibe. M'kaundula wa foni mumalembedwa mawu akuti UnsatisfiedLinkError. Mwini foni amangoona kauthenga kakuti pulogalamu yaima, n'kuyamba kuganiza zoti mwina foni inagwa kapena inalowa madzi.

Okonda kusintha mapulogalamu a m'kati mwa mafoni awo amaidziwa bwino nkhani ya kiyibodi. Kiyibodi wamba ya Android imadalira kafayilo kotchedwa libjni_latinime.so, kamene kamayendetsa mtanthauziramawu wake. Munthu akakopera pulogalamu ya kiyibodi m'chipinda cha system n'kuiwala kafayiloko, kiyibodi imafa ikangotsegulidwa. Foni yonse ili bwinobwino, batire lodzadza, netiweki ili njo, koma simungalembe ngakhale pasiwedi ya Wi-Fi yoti mukatengere kiyibodi ina.

Zofanana ndi zimenezi ndinaziona ndi maso anga tsiku lomwelo. Mankhwala a chiswe cha m'nsanamira ndiwo kuzula nsanamira, ndiye mnyamata uja anati foni ya mlamu iflashidwe, kutanthauza kufafaniza chipinda chokhoma chija n'kulembamo china. Anailumikiza ku laputopu ya kiyibodi yothothoka, kamzere kakuyenda pang'onopang'ono pa sikirini, ife tikudya magwinya titaimirira. Foni inayaka yoyera bwino. Mlamu anatsegula kamera kuti ajambule nsapato za mwana zimene anali atangogula, sikirini bii! Anayesanso, pulogalamu n'kudzitseka yokha. Mnyamatayo sanatekeseke. Anatsegula chivindikiro cha kumbuyo, anayang'ana timanambala ta pa bolodi ndi galasi lokulitsa, n'kupukusa mutu. Dzina la foni linali lomwelo, koma fakitale inasintha kamera pakati pa ulendo, ndipo firmware, ndiko kuti mapulogalamu a m'chipinda chokhoma, imene anaika inali ndi mafayilo a kamera ya mtundu wina. Anafufuzanso, anaflashanso, ndipo dzuwa likupendeka nsapato zija zinajambulidwa. Mlamu analipira ndalama yofanana ndi ganyu ya tsiku lathunthu, pa vuto limene sanalipange ndi iye.

Kamera yakufa n'chinthu chooneka. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi fayilo imene ilipo, ikugwira ntchito bwinobwino, koma ikugwirira wina.

Mu 2017 kampani ya ku Russia yofufuza mavairasi ya Dr.Web inapeza pulogalamu yakuba yotchedwa Triada m'mafoni ena otsika mtengo, monga a Leagoo ndi Nomu, asanatuluke n'komwe m'bokosi. Sinali pulogalamu yoti mungaione pa sikirini. Inasokeredwa mkati mwa fayilo ya libandroid_runtime.so, imodzi mwa mizati ya Android. Kuti mumvetse kuopsa kwake muyenera kudziwa mmene mapulogalamu amabadwira. Foni ikayaka, Android amadzutsa kholo limodzi lotchedwa Zygote, ndipo pulogalamu iliyonse imene mungatsegule imatuluka mwa kholo limeneli, itatengera zonse za m'magazi mwake. Fayilo ija imalowa mwa khololo. Choncho wakubayo sankafunika kuthyola chitseko cha pulogalamu iliyonse payokha, ankabadwira momwemo. Chaka chotsatira Dr.Web inati yapeza zomwezi m'mitundu ya mafoni yoposa 40. Mu June 2019 Google anavomereza poyera kuti Triada inkalowa kudzera mwa makampani amene opanga mafoni amawapatsa ganyu yowonjezera zina ndi zina mu firmware, ndipo anatchula wogulitsa wina wodzitcha Yehuo kapena Blazefire.

Nkhaniyi inafika kuno mu August 2020. Kampani ya Upstream, kudzera m'chida chake cholondera malipiro a pa foni cha Secure-D, inalengeza kuti yapeza Triada ndi mnzake xHelper m'mafoni a Tecno W2 okwana 53,000, makamaka ku Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa. Inati kuyambira March 2019 inatchinga malipiro okayikitsa okwana 19.2 miliyoni ochokera m'mafoni oposa 200,000. Kabedwe kake kanali ka kachetechete. Foni inkatsegula yokha masamba a pa intaneti mwini wake osaona, n'kumulembetsa ku timalonda tolipira tsiku ndi tsiku timene timadula mayunitsi, kwinaku ikudya bandulo. Aliyense wokhala kuno akuwadziwa madandaulo a "ndaika airtime dzulo, lero mulibe". Alipo malamulo a bungwe la WASPA akuti munthu avomereze kawiri asanalembetsedwe, koma ngati chovomerezacho chili m'magazi a foni, chimadina chokha kawiri konseko.

Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, imene imapanga Tecno, Itel ndi Infinix, inayankha kuti vutolo linali lakale, linachokera kwa wina amene ankawagulitsa mapulogalamu, ndipo inali itatulutsa kale chokonzera. Tinene chilungamo: kampaniyi ndi imene yaika smartphone m'manja mwa anthu ambiri a mu Africa, ndipo pafupifupi theka la mafoni otere ogulitsidwa mu Africa m'zaka zapitazi ndi ake. Google yemwe sananene kuti opanga mafoniwo ndiwo anaika dala. Koma kwa mayi wogulitsa mandasi pa Bloed Street, zoti analakwa ndi fakitale kapena waganyu wa fakitale sizibweza mayunitsi ake. Ndiponso chokonzera chimathandiza foni imene yachilandira. Ambirife uthenga wa update ukabwera timaukankhira mawa chifukwa bandulo ndi yoperewera, mawalo n'kukhala chaka.

Chikomekome cha mkuyu, anatero akuluakulu, mkati muli nyerere. Koma si nyerere zonse zimene zimaikidwa ndi munthu woipa. Zina zimabwera ndi ukalamba. Chilankhulo cha C ndi chachangu chifukwa sichilondera wolemba. Akalakwitsa pang'ono poyeza malo osungira zinthu, munthu wochenjera akhoza kutumiza fayilo yokonzedwa mwapadera n'kulanda foni. Mu July 2015 Joshua Drake wa kampani ya Zimperium anaonetsa bowo lotere mu libstagefright, fayilo imene Android ankaseweretsera mavidiyo. Uthenga umodzi wa MMS unali wokwanira, ndipo mafoni amene anali pachiopsezo anali pafupifupi 950 miliyoni. Popeza fayiloyo inali m'chipinda chokhoma, Play Store sakanaisintha. Aliyense anayenera kudikira wopanga foni yake, ndipo ambiri anadikira mpaka foni inatha. Kuchokera pamenepo ndi pamene Google anayamba kutulutsa zigamba za chitetezo mwezi ndi mwezi. Mu 2017, ndi Android 8.0, analekanitsa mafayilo a opanga tchipi ndi a Android mwini wake kuti kusintha kusamavute, ndipo mu 2019, ndi Android 10, anayamba kutumiza yekha zigamba za mbali zina za system kudzera pa Google Play. Zathandiza ndithu. Koma mafayilo a kamera, a netiweki ndi a mapulogalamu amene fakitale inawonjezera akadali m'manja mwa fakitale.

Palinso kena kakang'ono kamene kamapweteka tsiku ndi tsiku. Pulogalamu yobadwa nayo foni ikalandira update, yatsopanoyo singalowe m'chipinda chokhoma. Imakakhala m'chipinda chanu cha data pamodzi ndi zida zake, yakale ija ili phee kumene inali. Pa foni ya 16 GB kapena 32 GB zimenezi zikutanthauza kuti mukufufuta zithunzi za ukwati wa mchemwali wanu kuti mupezere malo pulogalamu imene simunaitsegulepo chiigulireni foni. Ndipo mafoni ambiri otsika mtengo a Android Go, amene anayamba kutuluka itatha 2017, amayendera 32-bit ngakhale tchipi chake chikhoza 64-bit, pamene dziko likusamukira kwina: kuyambira August 2019 Google Play amafuna kuti mapulogalamu okhala ndi mafayilo a .so akhale ndi mtundu wa 64-bit, ndipo Pixel 7 wa mu 2022 salandiranso a 32-bit. Tsiku limene wolemba pulogalamu adzatope n'kusiya kafoda ka armeabi-v7a, woyamba kutsala panja ndi wa foni yotchipa.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti maofesi oyenera kuyang'ana zimenezi ali mu Tshwane momwe muno. Bungwe la ICASA, limene limavomereza foni iliyonse isanagulitsidwe m'dziko lino, likulu lake lili ku Centurion, dera lomwelo kumene mlamu wanga amakolopa nyumba za anthu. Chizindikiro cha ICASA pa bokosi n'chofunika, ndipo foni yopanda chizindikirochi musaigule. Koma chimene chimatsimikiza n'chakuti foniyo imagwiritsa ntchito mafunde ovomerezeka, sisokoneza zida zina, ndipo siika moyo pangozi. Sichinena kanthu za amene anasoka mafayilo a m'chipinda chokhoma. Ofufuza a bungwe la IMDEA Networks ku Madrid ndi anzawo anaunika mu 2019 mapulogalamu obadwa nawo mafoni a makampani oposa 200, ndipo anapeza kuti 9 peresenti yokha ndi imene inkapezekanso pa Google Play, kumene mapulogalamu amaunikidwako. Mu January 2020 bungwe la Privacy International ndi mabungwe ena oposa 50 analembera mkulu wa Google, Sundar Pichai, kupempha kuti anthu aziloledwa kuchotsa mapulogalamu oterewa. South Korea inalamula zofanana ndi zimenezi kale mu 2014. Ine ndikuona kuti ICASA kuno ndi MACRA kwathu angathe kufunsa wogulitsa mafoni mafunso awiri okha asanamudindire chilolezo: firmware iyi anaimanga ndani, ndipo zigamba za chitetezo mudzatumiza kwa zaka zingati? Yankho lilembedwe pa bokosi ngati tsiku lotha ntchito la pa paketi ya mkaka.

Lamulo lina lilipo kale, koma ife a kunja timaliopa ngati kuti si lathu. Consumer Protection Act ya mu 2008, mu gawo 56, imapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wolakwika kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe, ndipo wosankha ndi wogulayo. Ofesi ya National Consumer Commission ili mu Pretoria. Foni ya mlamu inayamba misala isanathe miyezi itatu. Akanakhala ndi lisiti, ulendo wa ku Marabastad sukanafunika. Koma lisitilo analikulungira chingamu tsiku lomwe anagula, ndipo foni ikangoflashidwa pa kauntala ya pamsika, wogulitsa amapeza pothawira.

Za kuflasha ndinenepo mosabisa, ngakhale mnyamata uja anatithandiza. Firmware imene okonza mafoni ambiri amaika amaitenga pa intaneti, pa masamba amene eni ake sadziwika. Ikhoza kukhala yoyera, ikhozanso kukhala ndi chiswe chakechake. Mapulogalamu ena a mabanki amakana kutseguka pa foni imene chipinda chake chokhoma chinathyoledwa, ndipo ali ndi chifukwa. Mmisiri wabwino amayang'ana nambala ya pa bolodi asanayambe, amakuuzani kumene watenga fayilo, ndipo amayesa kamera, mawu ndi ma SIM onse awiri inu muli pomwepo. Wongolumikiza chingwe n'kukuuzani kuti mubwere pakatha ola, ameneyo mutsanzikeni.

Mafoni ogulidwa ku Marabastad ndi ku Sunnyside sathera kuno. Chaka chikamapita kumapeto amakulungidwa m'mabulangete, amadutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, amawoloka Zambezi ku Tete, n'kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Kumeneko amakagwa m'manja mwa amayi amene sadziwa kuti Settings ili pati, koma ndiwo amalandira ndalama za fetereza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Mayunitsi akamatha okha adzanena kuti adzukulu akuwabera, adzukulu n'kukwapulidwa.

Ndiye inu amene mukusunga ndalama yogulira amayi foni ya Khrisimasi, musainyamule ili yomata. Itseguleni mudakali m'sitolo. Lowani mu Settings, mupeze pamene palembedwa Android security update, muone deti; ngati lapitirira chaka foni ili yatsopano, ibwezeni pa kauntala. Tsegulani Play Store, mupite pa Settings ndi About, muone ngati pansi pa Play Protect certification palembedwa kuti foniyo ndi yovomerezeka. Igoneni nayo sabata imodzi muli kuno, muilole imalize ma update onse pa Wi-Fi, muone ngati ikuitana alendo. Lisiti lijambuleni, lenilenilo mulisunge mu pasipoti.